Mwala wa M'chiuno Mwanga

1

Botolo linasweka pankhope ya Mervin asanamalize n'komwe mawu ake. Magazi anawazikira mpaka m'mbale ya nyama yootcha imene ndinanyamula, ndipo amene anatsala atagwira khosi la botololo anali mwamuna wanga.

Koma ndiyambe bwino, ndisakudyetseni nkhani yosapsa. Dzina langa ndine Magdalene, kwathu ndi ku Ntcheu, kunsi kwa phiri la Chimwadzulu. Mu 2006 ndinkakhala ku South Bend, kuno ku America, ndi mwamuna wanga Dixon. Ine ndinkasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za Azungu kunyumba yosungirako okalamba, iye ankanyamula katundu kuweyahausi. Mwana tinalibe, ndipo anthu ankationa ngati banja labata. Ine ndemwe ndinkatero.

Chaka chilichonse pokumbukira ufulu wa dziko lathu, Amalawi a ku Indiana tinkakumana ku Indianapolis, m'paki ya ku Lawrence. Kumeneko n'kumene ndinamuona Mervin, mnzanga wa kusekondale, munthu wapakamwa ngati wailesi yopanda batani lozimitsira. Anabwera kuno kudzaphunzira, sukulu inamukanika, n'kupeza ganyu m'kashopu kokonza mawotchi ndi mphete cha ku Lafayette Road. Tsikulo anali atamwako pang'ono.

"Magi! Mwana wakwathu!" anakuwa akubwera atatambasula manja. "Iwe ukuyenda ndi chuma osatiuza anzako?"

"Chuma chanji iwe, ine msana wathyoka ndi kutembenuza nkhalamba," ndinamuyankha ndikuseka.

Dixon anali kumbuyo kwanga pamodzi ndi azibambo ena, akutembenuza nyama pamoto.

"Mwala uja! Wa m'mikanda yako ya m'chiuno uja!" anapitiriza Mervin. "Waukulu ngati nzama, mtundu wake pakati pa gwafa wofiira ndi papaya. Ukulidziwa dzina lake pa Chizungu? Amati padipa..."

Phwaa!

Mervin anagwa chagada. Dixon anamukhalira pachifuwa n'kuyamba kumukhoma pakamwa ndi chibakera, pakamwa pokhapokha, mpaka ndinamva china chake chikuthyoka. Azimayi anabalalika ndi ana. Azibambo anayi anachita kumukoka ngati ng'ombe yokana kulowa m'dibi. Atamuchotsa, palibe amene ankayang'ana Mervin pansipo. Maso onse anali pachiuno changa.

2

Inu amene munakulira kuno, mverani. Mikanda ya m'chiuno si ya anthu. Mkazi amavekedwa ndi amayi ake kapena alangizi akamalowa m'banja, ndipo woiona ndi kuigwira ndi mwini nyumba yekha. Mwamuna wina akangodziwa mtundu wa mikanda yako, mlandu watha, safunanso mboni.

Yanga inali ndi chinthu china chapadera. Ndili wamng'ono, abambo anga anatola kamwala pokumba chitsime kudimba. Anakapukuta ndi malovu n'kundionetsa padzuwa, ndipo kanawala mtundu womwewo umene Mervin anatchula. Sanakagulitse. Ankati anthu ogula miyala amabwera ndi sikelo yawo ndiponso mtengo wawo, bola kangokhala m'nyumba. Atamwalira, amayi anakasokera m'kansanza kakuda n'kukamangirira kumikanda yanga.

"Awa ndi abambo ako, akukuperekeza," anatero pondiveka. "Usamasule, usaonetse munthu."

Ndinamvera. Ndinavula kamodzi kokha, mu February chaka chomwecho, pamene madokotala ankandichotsa zotupa m'chiberekero. Nesi anakana kuti ndilowe m'chipinda cha opaleshoni ndi chingwe m'thupi. Ndinaika mikandayo m'kajumbo n'kupatsa mwamuna wanga, ndipo nditatuluka m'chipatala anandibwezera.

Tsopano Mervin anazidziwa bwanji? Funso limeneli ndi limene tinakwera nalo m'galimoto pobwerera ku South Bend. Dixon sanalankhule mpaka pamaroboti oyamba a ku Kokomo. Pamenepo, akudikira kuti ayake obiriwira, anandigunda ndi chigongono pakamwa.

"Wamuvulira kangati?"

"A Dixon, ndikulumbira pali abambo anga kumanda, ine..."

"Usawatchule akufa ndi pakamwa pauhule!"

Titatuluka m'tauni anakhotera m'kamsewu kafumbi pakati pa minda ya chimanga. Dzuwa la July kuno sililowa msanga, kunali kukuwala ngwee, koma kunalibe munthu. Anandikoka ndi tsitsi kunditulutsa m'galimoto, mameshi awiri anatsalira m'manja mwake. Anavula lamba n'kugwira kunsonga kuti chitsulo chake chizifika pa ine. Ndinkakwawa kulowa m'chimanga, iye n'kumandikoka mwendo.

"Gwafa ndi papaya! Mpaka anamasula kansanza kuti aone bwino, eti? Munayatsa magetsi?"

Ndinalira mpaka mawu anatha. Lamba ankawawa, koma chondipweteka kwambiri chinali chakuti yankho ndinalibe. Ndikanakhala iyeyo, nanenso ndikanakhulupirira zomwezo.

3

Amalawi ndi foni, inu! Lolemba lisanafike, nkhani inali itafika ku Dallas, ku Leeds ndi ku Ntcheu. Aliyense anaithira mchere wake. Ena ankati ndinkapita ku Indianapolis ndikanamizira kuti ndagwira shifiti yachiwiri. Ena ankati n'chifukwa chake sindinkabereka.

Mervin anamutengera kuchipatala azibambo omwe aja, n'kukanena kuti wagwa pamasitepe atanyamula mabotolo. Apolisi palibe anawaitana. Theka la anthu a papaki paja mapepala awo sanali olongosoka, ndipo lamulo lathu kuno linali lodziwika: za kwathu timathana tokha. Ndinangomva kuti nsagwada inathyoka, diso lakumanzere linafa. Palibe anapita kukamuzonda. Ndani azonda mbava ya mkazi wa mwini?

Kutchalitchi azimayi amene ndinkawaluka tsitsi ulere anayamba kusuntha zikwama zawo ndikakhala pafupi. Zimenezo ndikanapirira, pakuti nkhope ya munthu si chakudya. Chimene chinandithyola chinali amayi anga. Dixon anawaimbira amalume anga, amalume anakawauza amayi. Ndinagula khadi la foni n'kuimbira aphunzitsi oyandikana nawo nyumba, amene ankatithandiza kulumikizana.

"Ndawaitana," anatero aphunzitsiwo patapita kanthawi, mawu ali pansi. "Akuti ndikuuzeni kuti iwo ku America alibe mwana."

Ndinakhala pansi m'khitchini foni ili kukhutu mpaka khadi linatha. Amayi amene anandiveka mikanda ija ndi manja awo ankakhulupirira kuti ndinaitambasulira mwamuna wa mumsewu. Kuyambira tsikulo ndinkangofuna chinthu chimodzi, kuti dzina langa liyere m'makutu mwa amayi anga asanamwalire, chifukwa shuga anali atawagwira kale.

M'nyumba munasanduka bwalo la milandu losaweruka. Dixon anaphunzira kumenya mwanzeru. Nkhope ankaisiya chifukwa cha kuntchito, n'kumasankha nthiti, ntchafu ndi msana. Tsiku lina anagwiritsa chingwe cha simbi. Tsiku lina anandipanikiza dzanja ndi chitseko cha firiji chifukwa foni inalira kamodzi n'kuduka.

"Ndi iyeyo, eti? Akufuna aonenso mwala wake?"

"Munthu munamuthyola nsagwada aimba bwanji foni?" ndinamuyankha, pakuti pakamwa panga sipadziwa kugona.

Yankho limenelo ndinalilipira ndi nthiti imodzi. Kuntchito ndinkanyamula nkhalamba ndikupuma theka, ndipo bwana wanga atafunsa ndinati ndinaterereka m'bafa.

4

Ankhoswe athu enieni anali ku Malawi, choncho kuno tinali ndi obwereka. Anali bambo Alufeyo, mkulu wa mpingo wokhala ku Lawrence, amene anabwera kalekale, mapepala awo oyera mbee. Iwo okha ankaimira mbali ya mwamuna ndi ya mkazi yomwe. Kumayambiriro kwa August anatiitana.

Tinakhala pabalaza, ine pakapeti pafupi ndi akazi awo, mayi Ida. Mwana wawo Atupele, mtsikana wobadwira kuno amene ankaphunzira za unesi, anabweretsa tiyi. Chichewa amamva koma amayankha m'Chizungu. Ananjuta pang'ono monga anamuphunzitsira, osandiyang'ana kumaso, n'kukwera kuchipinda cham'mwamba.

Dixon analankhula ngati mlaliki. Mpaka misozi inatuluka, ndithu.

"Bambo, ine ndinamutenga mkaziyu kumudzi, tikiti ndinagula ndine. Kusabereka kwake ndinapirira. Koma munthu kuimirira pagulu n'kumatchula padparadscha ya m'chiuno mwa mkazi wanga? Ndikanatani, bambo?"

"Padi chiyani?" anafunsa bambo Alufeyo atatchera khutu.

"Padparadscha, bambo. Mwala wake umenewo."

Liwulo linatuluka mosalala, osapunthwa pena paliponse. Papaki paja Mervin sanalimalize. Botolo linamupeza ali pakati, ndinali pomwepo, ndinamva ndi makutu anga. Kwa mwezi wonse azimayi akhala akulitafuna pamafoni, wina ati padipa, wina ati papaya, palibe anadziwa mchira wake. Nanga mwamuna wanga, amene mpaka lero amati "Indiyanapolisi", mchirawo anautola kuti?

Ndinangoyang'ana m'kapu ya tiyi.

Bambo Alufeyo anagamula. Lamlungu lotsatira, tikaweruka kutchalitchi, akulu ampingo ndi azimayi a chigwirizano adzasonkhana m'nyumba mwawo momwemo. Ine ndidzagwade, ndivomere tchimo langa ndi kupepesa. Dixon akafuna adzandikhululukire, akapanda kufuna banja lithe, ndipo uthenga upite kumudzi kuti wolakwa ndine.

"Bambo, nanga ngati sindinachite?" ndinafunsa.

"Mayi, utsi sufuka popanda moto," anayankha akupukuta magalasi awo.

Potuluka, mayi Ida anandikokera pambali. "Ingovomerani, mwana wanga. Mwamuna akamva pepani amafewa. Banja ndi kupirira."

Ndinafuna kuwavulira bulauzi kuti aone kupirira kumene ndinali nako kumsana, koma ndinangoti zikomo.

5

Lolemba m'mawa Dixon atapita kuntchito, ndinadzitsekera m'bafa ndi kasizasi kowengera zikhadabo. Ndinamasula mikanda n'kuiika pamwendo. Mawu a amayi anali kulira m'mutu mwanga: usamasule.

Ndinakatembenuza kansanza kaja pawindo. Amayi anga amasoka mothinana, ndi ulusi wakuda. Apa panali ulusi wabuluu woderako, wosokedwa mokhotakhota ngati wasoka ndi mwana. Ulusiwo ndinaudziwa. Unali wa m'chitini changa, umene ndimasokera mabatani a yunifolomu.

Ndinadula. M'dzanja mwanga munagwa kamwala kotuwa, kokhakhala, ka mtundu umene amathira poimika magalimoto kuseri kwa nyumba yathu.

Ndinaseka, abale. Ndinaseka ndekha m'bafa mpaka nthiti yothyoka ija inandibaya. Kuyambira February ndakhala ndikuyenda ndi mwala wa pakhomo pa landilodi m'chiuno, n'kumaugwiragwira ndikasowa abambo anga! Kenako kuseka kunatha, ndinasanza m'sinki.

Ndinaimba kuntchito kuti ndadwala. Ndinabwezera kamwalako m'kansanza, n'kumanganso mikanda m'chiuno. Kagalimoto kanga kanali kokalamba, kosazolowera ulendo wautali, koma ndinakalankhula ngati munthu: lero usandichititse manyazi. Ndinadiraiva kudutsa minda ya chimanga ija osayang'ana kumbali, kudutsa maroboti onse a ku Kokomo, mpaka Lafayette Road.

Shopu sindinkaidziwa. Ndinalowa m'golosale ya Mnaijeriya, ndinalowa m'malo ogulitsa nsalu za Amwenye, ndikufunsa za Mwafirika wokonza mawotchi. Mayi wina wa ku Mexico wogulitsa makeke ndiye anandilozera kachitseko kopapatiza pakati pa saluni ndi malo otumizira katundu kunja.

6

Kukauntala kunali mdala wamfupi, wa imvi, wa ku Sri Lanka, dzina lake bambo Perera. Nditatchula Mervin anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakankha katani yakumbuyo.

Sindikanamuzindikira. Anali atawonda, diso limodzi lomatidwa ndi thonje, mano omangidwa ndi mawaya. Munthu wa phokoso uja ankalankhula ngati akupemerera moto.

"Magi, undikhululukire. Pakamwa pangapa."

"Unadziwa bwanji za mwala wanga?"

Anandiuza pang'onopang'ono, malovu akutuluka m'mbali. Mu February Dixon anabwera m'shopumo ndi mwala m'kanyuzipepala. Anasankha Indianapolis poganiza kuti kuno palibe womudziwa. Mervin anali kuseri kwa katani akukonza wotchi, ndipo Dixon sanamuone. Mdala atafunsa kumene mwalawo unachokera, poopa zakuba, Dixon anafotokoza zonse: Chimwadzulu, apongozi ake, mkazi wake Magdalene amene amauvala m'chiuno ndipo wamutuma kuti adzauyezetse.

"Ndinasangalala, Magi. Ndinkati mnzanga watola mwayi. Ndinkafuna ndikudabwitse ndi dzina lake basi."

"Nanga bwanji sunauze anthu?"

"Mwamuna wako anabwera kuchipatala. Anandigwira nsagwada yomweyi n'kufinya. Anati ndikangotsegula pakamwa aimbira a imigireshoni. Visa yanga inatha kale, ukudziwa."

Ndinatembenukira kwa mdala n'kumupempha m'Chizungu kuti andiuze dzinalo, ndilimve lonse. Analitchula pang'onopang'ono: padi, pa, radi, sha. Anati liwulo ndi lakwawo, Azungu anangolibwereka n'kulipotoza, ndipo limatanthauza mtundu wa duwa lina la m'madzi longa kakombo. Anati pa Chizungu miyala yonse ya safiro imangotchulidwa ndi mtundu wake, wabuluu, wachikasu, wobiriwira, koma uwu wokha unapatsidwa dzina lakelake chifukwa chosowa. Ukafiirira kwambiri dzinalo suliyenera, ukapendekera kwambiri ku lalanje suliyeneranso, uyenera kukhala pakatikati. Ogulitsa miyala akatopa amangoti padi. Iye pa moyo wake wonse anali atagwirapo yowerengeka, ndipo wa abambo anga unali umodzi mwa yokongola.

"Mwamuna wanu linamuvuta kwambiri," anawonjezera mdalayo. "Nthawi iliyonse akabwera ankandipempha ndimubwerezere, mpaka analigwira. Ankati akufuna adzalitchule bwino pomuveka mphete."

"Mphete?"

Mdala anayang'ana Mervin, Mervin anayang'ana pansi. Dixon mwalawo sanaugulitse. Anaudulitsa, n'kuuikitsa pamphete yagolide. Mu May anabwera ndi mtsikana kudzayezetsa chala, tsiku limene Mervin kunalibe. Mtsikana wolankhula ngati Mmerika, wovala yunifolomu ya ophunzira unesi.

"Ankamutchula kuti Atu," anatero mdala.

Za Atupele zinandipweteka, inde. Mtsikana wokhala ndi pasipoti ya kuno, mwana wa nkhoswe yanga, amene Dixon akanamukwatira anthu onse akuwomba m'manja ine nditachotsedwa ngati hule. Koma chimene chinandiziziritsa magazi chinali china. Botolo lija silinali la nsanje, linali lotseka pakamwa. M'munda wa chimanga muja, pamene ankandifunsa kuti ndamuvulira kangati, yankho anali nalo iye. Chingwe cha simbi, chitseko cha firiji, foni ya kwa amalume, zonsezo ankachita akudziwa kuti sindinalakwe.

7

Sabata imeneyo ndinamuphikira, ndinamusitira, ndinati inde bambo pa chilichonse. Lamlungu ndinavala chilundu changa chabwino.

Pabalaza la bambo Alufeyo panadzaza. Azibambo anakhala m'mipando, azimayi pakapeti, Dixon pampando wapakati atavala jekete. Atupele anali ataima pamasitepe. Atatha kupemphera, bambo Alufeyo anandilozera pansi.

"Mayi, gwadani mulankhule."

Ndinaimirira. Ndinapisa dzanja pansi pa chilundu, n'kukoka chingwe mwamphamvu mpaka chinaduka. Mikanda ina inamwazikira pakapeti, yotsalayo ndinaiponya patebulo pakati pa makapu.

"Mayo ine!" anakuwa mayi Ida ataphimba kumaso. Azibambo anatembenuzira nkhope kukhoma ngati ndawavulira zonse.

"Musathawe, yang'anani!" ndinatero. "Mwakhala mukuiona m'maganizo mwezi wonse, lero ioneni ndi maso. Mumati ndinaonetsa mwamuna mmodzi. Tsopano ndaonetsa nonsenu, mundiuze tchimo langa."

Ndinakutumula kansanza. Kamwala kotuwa kanagubuduka n'kukagunda sosala ya bambo Alufeyo.

"Uwu ndi umene ndakhala ndikuvala chichokereni kuchipatala. Wa abambo anga anauba awa ine ndili pa opaleshoni, n'kukaudulitsa ku Lafayette Road, Mervin akumva kuseri kwa katani. Atupele, mphete ija uli nayo pompano kapena waisiya kuchipinda?"

Dzanja la mtsikanayo linathamangira pachifuwa, pamene panali katcheni kolowa m'bulauzi. Aliyense anaona.

Dixon analumpha tebulo. Anandigwira kumbuyo kwa khosi n'kundimenyetsa nkhope pakona ya tebulolo, kawiri. Ndinamva mano akuphwanyika ngati ndatafuna mchenga. Nditagwa anayamba kundiponda ndi nsapato za kutchalitchi, m'mimba, pachilonda cha opaleshoni pomwe. Dzanja langa linapeza fulasiki ya tiyi, ndinamukhoma nayo pabondo ndi mphamvu zanga zonse. Anabuula n'kugwada, ndipo manja ake anafika pakhosi panga.

M'chipindamo munali azibambo odzaza mipando. Ndinamva wina akuti, "Achimwene, basi, basi," ngati akuletsa mwana kusewera ndi madzi. Ndinamva bambo Alufeyo akuti, "Tsekani mawindo, aneba angamve." Kumaso kwanga kunayamba kuda.

Kenako ndinamva Chizungu chochokera pamasitepe, mawu onjenjemera akutchula nambala ya nyumba ndi dzina la msewu.

"Atupele! Ika foniyo pansi!" anakuwa abambo ake. "Ukufuna kutiyalutsa?"

"No, Dad," anatero, n'kupitiriza kulankhula ndi apolisi.

Liwu lakuti apolisi ndi limene linadzutsa azibambo aja m'mipando. Apo ndiye anamukoka Dixon, ena n'kuyamba kufunafuna makiyi a magalimoto awo. Ine ndinali chigonere pakapeti, ndikulavula magazi ndi tizidutswa ta mano pakati pa mikanda yanga.

8

Ndinagona m'chipatala masiku angapo. Mano akutsogolo anapita, nthiti zina ziwiri zinathyoka, ndipo mawu anga mpaka lero ndi osasa. Apolisi atabwera sindinanene za kuterereka m'bafa. Mervin nayenso analankhula nawo. Dixon anakhala kundende, atamaliza anamukweza ndege kumubweza ku Malawi.

Atupele anabwera kamodzi. Anaima kumapazi kwa bedi akulira, nati Dixon anamuuza kuti mwalawo anagula, kuti banja lathu linafa kale chifukwa cha ine. Anasiya mphete m'kapu yamadzi n'kutuluka. Ndinaiyang'ana. Mwala wa abambo anga, umene unali ngati nzama, unatsala ngati njere ya mphodza.

Mukuganiza kuti anthu anabwera kudzapepesa? Mwalemba m'madzi. Mlandu wanga unangosintha dzina. Tsopano ndinali mkazi wopanda mwambo amene anavula mikanda pamaso pa akulu ampingo, ndiponso amene anathamangitsitsa Mmalawi mnzathu. Bambo Alufeyo anaimba foni kwa amalume kuwauza zoona chifukwa mwana wawo anawaopseza kuti akapanda kutero achoka pakhomo.

Nditatuluka m'chipatala ndinagulanso khadi n'kuimbira aphunzitsi aja. Ndinamva mapazi awo akuyenda, nkhuku zikulira, chitseko chikutseguka. Kenako kupuma kwa munthu wokalamba, kwa nthawi yaitali.

"Amayi, ndine," ndinatero, mawu akuthawira pamene panali mano.

Amayi anga sanapepesepo munthu chibadwire, ndipo tsikulo sanayambe. Sanafunse za mwala, sanafunse za mikanda.

"Magi," anatero, mawu akuduka. "Mwana wanga, ukutha kutafuna?"

Ndinalira ngati khanda. Anamwalira chaka chotsatira, akudziwa.

Tsono inu owerenga, makamaka inu a kuno kutali ndi kwathu, sindikukuuzani kuti mutaye miyambo. Ankhoswe ndi abwino, kusungirana chinsinsi n'kwabwino, kuopa apolisi a dziko la eni ndikukumvetsa. Koma ine ndinatsala pang'ono kufera pakapeti, pakati pa anthu opemphera, ndipo amene anandipulumutsa ndi mtsikana amene timamuseka kuti sadziwa Chichewa, yemweyo amene ankanditengera mwamuna. Mukaona mkazi akupuma theka, akukhala pampando chammbali, musayambe ndi kufunsa kuti walakwa chiyani. Womenyayo musamufunse n'komwe, chifukwa yankho amakhala atakonza kale. Ena a inu munalipo tsiku lija. Timakumanabe m'masitolo a ku Lafayette Road, mumandipatsa moni, ine ndimayankha ndi mano ogula. Ndimakumbukira bwinobwino amene anadzuka kukatseka mawindo.